Kiranki ya Malemu Bernard

Amene anapha Bernard Kalimbakatha ndi Goliati, msuweni wake, nkhoswe ya ukwati wake. Anamupha Lachiwiri cha m'ma teni koloko, dzuwa lili phwee, nkhuku zikuona. Anamukhoma sipanala ya mateyala kunkhongo, n'kumugwetsera injini pachifuwa kuti anthu aziti ngozi. Ndipo anthu anatidi ngozi. Wapolisi analemba ngozi. Kumanda, amene anaimirira kuyankhulira banja anali Goliati yemweyo, mamina mpaka pa tayi, akuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu. Mulungu wake uti wogwira sipanala?

Aliyense anameza bodzalo kupatula Rozaria, mkazi wa malemuyo, amene pamudzi amamuitana kuti mayi a Brenda. Rozaria sukulu analekeza Sitandade sikisi, koma zaka makumi awiri ndi zitatu anakhala akupatsira mwamuna wake masipanala pansi pa mtengo wa mango, pamene panali galaja yawo, m'mbali mwa msewu wafumbi wochoka ku Kabudula kupita ku Nsaru. Kuwerenga mabuku kunkamuvuta. Kuwerenga zitsulo ayi.

Chimene Bernard anafera ndi ichi. Pamsewu umenewo pali chitunda chimene anthu amachitcha Tsikani, chifukwa galimoto yonyamula fodya ikafika pamenepo dalaivala amatulutsa mutu n'kuuza anthu kuti atsike akankhe. Pikapu ya Bernard inkafera pomwepo. Ya Goliati, yomwe inali ya mtundu umodzimodzi, inkaferanso pomwepo. Alimi a kalabu ya fodya anatopa n'kukankha, ndipo anagwirizana kuti chaka chino mabelo awo onse apita kwa amene galimoto yake ikwere Tsikani osatsitsa munthu.

Bernard anasowa masiku atatu, n'kubwera kuchokera ku Biwi, kumsika wa zitsulo za magalimoto mu mzinda, atakumbatira chitsulo chokhotakhota ngati muzu wa chinangwa, cholemera ngati mwana wa ng'ombe.

"Chimenechi n'chiyani, bambo a Brenda? Mwakatola kudzala?"

"Kiranki iyi, mayi. Ya injini yaikulu kuposa yathu. Ndakaipalitsa kuti ikwane m'mwathumu." Ataona kuti mkazi wake sakumva, analoza mtondo umene unali pakhonde. "Mukamakonola, munsi mukamaukweza pang'ono chabe, chimanga chingakonoke?"

"Mungagone ndi njala."

"Eya. Pisitoni ndi munsi, kiranki ndi mikono. Iyi mikono yake ndi yaitali. Ikweza munsi patali, kuutsitsa patali. Injini imeza mpweya wambiri, mafuta ambiri, mphamvu n'kuchuluka. Tsikani ndidzakwera ndi giya yachitatu, ndikuimba mluzu."

"Nanga munsi mukaukweza patali m'nyumba ya denga lalifupi?"

Bernard anaseka mpaka kutsokomola. "Mwaona! Ndinakwatira makaniko ine. Umagunda denga. N'chifukwa chake mapisitoni ndiyenera kuwameta pamutu."

Anawametadi, onse anayi, milungu iwiri ndi tupa, ndipo ankawasunga m'nyumba kunsi kwa bedi atawakulunga m'chitenje chakale ngati mazira. Pa kiranki anakhomapo kamtanda, monga ankachitira pa chitsulo chake chilichonse, mpaka pa khasu. Chinatsala ndi kuyesa. Iye ankayesa ndi dongo: kumata dongo pamutu pa pisitoni, kutseka hedi, chivundikiro cha injini chija, kuzunguza ndi dzanja, kutsegula, n'kuona kuti dongolo laphwatalala kufika pati. Likatsala lopyapyala kuposa mtengo wa machesi, ndiye kuti chitsulo chikatentha n'kutamuka, munsi ugunda denga.

Lachiwiri lija anatuma mkazi wake kudambo kukatapa dongo. Rozaria anamusiya atakhala pachidebe, wailesi ikulira, injini ili pansi itakhala pa teyala lakale, kiranki ili kale m'kati, mapisitoni akadali kunsi kwa bedi.

Pobwerera anapeza wailesi ili zii, anthu ali unji, injini ili pachifuwa pa mwamuna wake.

*

Nthiti zinali zitalowa m'kati ngati dengu lopondedwa ndi ng'ombe. Magazi anatulukira m'kamwa ndi m'mphuno, ntchentche zitayamba kale msonkhano wawo. Pamwamba, pa mitengo itatu ya bulugamu imene Bernard ankapachikapo mainjini, tcheni inkalendewera, ngowe yake ilibe kanthu. Rozaria anaponya dongo pansi n'kunyamula mutu wa mwamuna wake. Zala zake zinamira kunkhongo, m'dzenje lofewa ngati papaya wakupsa. Pamene mutuwo unagona panali mchenga ndi utuchi. Panalibe mwala ngakhale umodzi.

Maliro ndi maliro. Anamukhazika pamphasa, anamuveka zakuda, anamumeta. Tsiku lachisanu, anthu atabalalika, anapita yekha pansi pa mango. Injini anali ataikankhira pambali, magazi ataumirapo. Kutsogolo kwake, pamene mphuno ya kiranki imatulukira, panali potseka ndi chisanza. Anachizula. Anatola phesi la chimanga n'kulowetsa pabowopo.

Phesi linalowa lonse, mpaka kutulukira kumbuyo. Kiranki munalibe.

*

Sajeni Fletcher anali munthu wamkulu thupi, woyankhula mwaulesi, wokonda kutafuna mtedza wokazinga. Anamulandira Rozaria mwaulemu, koma cholembera sanachigwire.

"Pepani kwambiri, mayi, koma fayilo tinatseka. Ngowe inasomoka, injini inagwa. Ngozi."

"Injini inakwera bwanji pa tcheni?"

"Anaikweza eniake."

"Kuti atani nayo? Munthu wofuna kuyesa ndi dongo sapachika injini. Imalendewera ngati mbuzi yosenda, mungaizunguze bwanji? Amaikhazika pansi. Ndinaisiya pansi ine."

"Mwina anasintha maganizo, mayi. Amuna timatero."

"Ndiye atafa anadzuka n'kuchotsa kiranki, eti? N'kutsekapo chisanza bwinobwino, n'kubwerera kukagona pansi pa injini?"

Fletcher analeka kutafuna. "Pamaliro pamasowa zinthu. Ngakhale mabenchi a kutchalitchi amasowa."

"Kiranki siituluka osamasula mabawuti a kunsi. Pitani mukaone. Magazi a mwamuna wanga anaumira pamwamba pa mabawutiwo, palibe sipanala imene yawakhudza chigwereni magaziwo. Inachoka iye asanaphwanyidwe. Nanga bala la kunkhongo analipeza kuti pamchenga?"

Wapolisiyo anapukuta manja pa buluku.

"Mukunena zomveka. Koma ine sindingamange mphepo. Ndibweretsereni chitsulocho ndi munthu wake. Komanso mayi, namfedwa sayendayenda. Anthu anena."

"Anene. Pakamwa ndi pawo, mwamuna anali wanga."

*

Tsidya la msewu kunkakhala Zelifa, mayi wa pakamwa posatseka, amene tsiku la ngozi ankayanika mtedza pabwalo. Rozaria sanavutike n'kumufunsa kawiri.

"Ine mayi a Brenda, ndilumbire mayi anga ali kumanda, nkhope sindinaione. Koma chitsiru chimenecho ndikadzachigwira! Mtedza wanga wa chalimbana, woti ndikagulitse ku Nsaru, kungodutsamo ndi njinga yamoto ngati pamsewu wa boma! Ndinatukwana mpaka agogo ake, osacheuka n'komwe. Chipewa cha njinga chili kumutu, galasi lotseka, dzuwa lonse lija."

"Ananyamula chiyani?"

"Chiguduli, chopingasa pamiyendo. Anachigwira ndi dzanja limodzi ngati mwana wodwala. Ine ndinkati mwendo wa ng'ombe yakuba."

"Nthawi yanji?"

"Wailesi yanu itangosiya kulira. Ayi, dikirani, ndisaname. Wailesi inasiya, kunakhala zii nthawi yoti munthu n'kuphika ndiwo zamasamba n'kupsa. Kenako tcheni. Koma sikakokedwe ka bambo a Brenda kaja ayi. Iwo aja ankakoka pang'onopang'ono, kwere, kwere, akuimba mluzu nyimbo za kwaya. Uyu ankangoti kwerekwerekwere ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Kenako dii! Mpaka nkhuku zanga kubalalika."

"Bwanji simunawauze apolisi?"

"Anandifunsa kodi? Anangofunsa amuna okhaokha. Ine ndi mtedza wanga ndani angatiwerengere?"

"Njingayo mungaizindikire?"

"Ngakhale mu mdima. Thanki yake yopaka penti yobiriwira ya pazitseko, kutsogolo ilibe madigadi. Yonyansa ngati mwini wake."

Rozaria akudutsa msewu kubwerera kwawo, anaona pikapu itaima pansi pa mango, pamene panafera mwamuna wake. Injini yake inkalira mokhuthala, ngati mkango wakhuta. Munthu anatsikamo atatambasula manja.

*

"Mlamu! Mukuyendayenda bwanji padzuwa ndi zakuda? Mukadatuma mawu, ine ndilipo."

Goliati dzina lokha ndiye linali lalikulu. Mwini wake anali kamunthu kafupi, kosalala, konunkhira sopo, koyankhula ngati kakutsogolera mapemphero.

"Ndabwera ndi uthenga wa akalabu. Akuti poti achimwene anatisiya, mabelo ndinyamule ndine Lachisanu, akaone ngati ndikwere Tsikani. Ine ndinakana, mlamu, ndinati misozi sinaume. Koma fodya sadikira maliro. Anu asanu aja ndinyamula ulele. Ndi udindo wanga ngati nkhoswe."

"Galimoto yanu yachira, alamu?"

"Mwachisomo. Inagona mlungu wathunthu kwa Lameck ku Nsaru. Ngakhale tsiku lija la tsoka ndinali komweko, kuyambira m'mamawa mpaka pamene foni inandipeza. Mukafunse Lameck. Ndikadakhala kuno, mwina ndikadawagwirira tcheni achimwene."

Rozaria anayang'ana pansi monga amachitira namfedwa. Koma m'mutu mwake munalira belu. Iye sanamufunse munthuyu komwe anali. Ndani amayankha funso lisanabwere?

"Zikomo, alamu. Mulungu akuoneni."

"Amen, mlamu."

M'mawa mwake Rozaria anakwera kabaza wa ku Nsaru.

*

Galaja ya Lameck inali kuseri kwa msika, pakati pa chigayo ndi ogulitsa matumba. Chinthu choyamba chimene Rozaria anaona, asanapereke ndi moni womwe, chinali njinga yamoto yotsamira pakhoma. Thanki yobiriwira. Kutsogolo yopanda madigadi.

Lameck anabwera kuno ndi makolo ake kuchokera kummwera kudzalima fodya wa eni minda, ndipo anaphunzira msanga kuti mlendo sachulutsa mawu. Anali munthu wowonda, woyankha akuyang'ana sipanala.

"A Goliati anali pano Lachiwiri lija?"

"Anali pano."

"Tsiku lonse?"

"Anatero iwowo."

"Ndikufunsa inu."

"Ine ndi waganyu chabe, mayi. Mutu umakhala m'boneti."

"Njinga iyo ndi yanu?"

"Yanga."

"Amabwereka anthu?"

Lameck anapukuta sipanala yoyera kale. Rozaria anasuzumira m'dilamu la zinyalala. Pamwamba panali makatoni awiri opyapyala, ofanana, a gasiketi, kachikopa kaja kamene amayala pakati pa injini ndi chivundikiro chake. Anawatola onse awiri.

"Injini imodzi, magasiketi awiri. Munang'amba imodzi?"

"Ayi."

"Ndiye munasanjikiza. Bambo Lameck, ine ndine mkazi wa Bernard Kalimbakatha. Ndapatsira masipanala zaka zoposa zimene inu mwagwira ntchitoyi. Munthu amasanjikiza magasiketi pofuna kukweza denga. Denga munalikwezeranji?"

Lameck anakhala pa teyala. Mawu ake anatuluka ang'onoang'ono.

"Mapisitoni ankasuzumira pamwamba. Ngati mbewa pauna."

"Chifukwa?"

"Kiranki imene anabweretsa a Goliati. Anabwereka njinga cha m'ma naini, akuti akagule ku Biwi. Isanakwane thwelofu anali atabwera nayo m'chiguduli."

"Kuchoka pano kukafika ku Biwi, kusaka chitsulo, kutsatsana mtengo, n'kubwerera, thwelofu isanakwane? Pa chinjinga icho?"

"Ndinadabwa. Koma ine ndi waganyu chabe."

"Panali kamtanda?"

Lameck anangotseka maso.

"Mukanene zimenezi kupolisi."

"Mayi, ndili ndi ana. Kuno si kwathu. A Goliati ali ndi abale mudzi wonse, ine ndili ndi ndani? Akadzati ndinaba ndine, njinga ndi yanga, anaika chitsulo ndine. Ndidzanena chitsulocho chikadzaonekera poyera. Chili m'mimba mwa galimoto ya mwini wake, ndani angatsegule?"

Rozaria anadziwa kuti akunena zoona. Fletcher sakanang'amba injini ya munthu chifukwa cha mawu a namfedwa ndi makatoni awiri.

"Munayesa ndi dongo?"

"Dongo?"

"Basi, mwandiyankha. Munawauza chiyani popereka galimoto?"

"Ndinati aziyenda nayo mofatsa. Asaikalipitse ikatentha. Ndinati mapisitoni amenewa si ake a kiranki iyi. Anandiseka, akuti mphamvu ili mu kiranki, zinazo ndi mantha a amphawi."

Rozaria anaika makatoni aja m'chitenje. Mapisitoni ake a kiranki imeneyo, ometedwa bwino, anali kunsi kwa bedi lake. Wakubayo anaba mikono n'kusiya minsi.

Ngati palibe woti atsegule injiniyo, idzitsegula yokha.

*

Lachisanu kunatentha kuyambira m'mawa. Anasanja mabelo mpaka pikapu inakhala pansi ngati nkhuku yofungatira, pamwamba n'kukwera alimi asanu ndi mmodzi a kalabu, mboni za pa Tsikani. Rozaria anatulukira ndi zakuda zake n'kutsegula chitseko cha kutsogolo.

"Mlamu, inu mutsale. Si mwambo."

"Fodya wanga ndimuperekeze ndekha. Analima ndi malemu."

Anali atatumiza kale mawu kwa Fletcher kudzera mwa Zelifa: mukafuna chitsulo ndi munthu wake, mukakhale pa Tsikani isanakwane leveni. Ngati apita kapena ayi, Rozaria sankadziwa.

Goliati ankayendetsa mofatsa, monga anamuuzira Lameck. Rozaria anaika phazi pansi n'kumva kutentha kukukwera m'chitsulo. Anamvanso kena kake kamene Goliati sankakamva, kakugogoda pang'onopang'ono m'kati mwa kulira kwa injini, ngati munthu wogogoda pakhomo mwaulemu. Chitunda chitaonekera, Goliati anatsitsa giya kufika yachiwiri.

"Yachiwiri, alamu?"

"Katundu wachuluka."

"Hmm. Malemu ankati Tsikani adzakwera ndi yachitatu, akuimba mluzu. Koma poti iwo anali iwo." Anatulutsa mutu pawindo n'kukuwira a pamwamba aja. "Konzekani kutsika, abambo! Dalaivala wachita mantha!"

Pamwamba panabuka chiseko. Wina anamenya denga la galimoto. "Goliati, dzina lokhalo kodi? Ponda moto!"

"Musawavutitse," anatero Rozaria mokweza. "Anazolowera kutsalira m'mbuyo mwa msuweni wawo. Kusukulu m'mbuyo, kuulenje m'mbuyo. Ngakhale ine anayamba kundifunsira ndi iwowa, n'kutsalanso m'mbuyo."

Khosi la Goliati linatupa. Sanakweze giya. Anangopondereza phazi mpaka pansi, injini n'kukuwa ngati nkhumba yobayidwa. Pikapu inalumpha. Inadutsa pa mtengo wa mthethe pamene magalimoto onse ankafera, ikukwerabe, alimi akukuwa ndi chimwemwe. Goliati anatembenuka, mano onse pamtunda.

"Mwaona, mlamu? M'mbuyo ndi ndani tsopano?"

Wogogoda uja analeka ulemu. Go! Go! Go! Kenako kunamveka kuphulika ngati mfuti ya asilikali. Boneti inadumpha, chitsulo chinabowola m'mbali n'kukadula nthambi ya mthethe, oyilo wotentha anawazikira pagalasi, utsi uli tolo. Galimoto inaima, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Alimi analumpha uku ndi uku, belo limodzi linagwera wina pamwendo, fupa n'kumveka thyo! Pikapu inakatsamira m'ngalande, mphuno kumwamba.

Rozaria anatuluka chokwawa, magazi akuchucha pachipumi. Sanayang'ane munthu. Anapita kutsogolo, n'kukankha boneti yopindikayo. M'mbali mwa injini munali chibowo choti n'kulowa mutu wa mwana. M'katimo, m'mafuta owira, munkaoneka chitsulo chokhotakhota.

Anakulunga dzanja m'chitenje n'kulilowetsa. Chitenje chinanyeka, khungu linanyeka, fungo la nyama yake yomwe linamufika m'mphuno. Sanachotse. Anapukuta chitsulocho mpaka kamtanda kanaonekera.

"Bwerani muone! Abambo inu, makasu anu amene anakuwotchererani Bernard ali ndi chizindikiro chanji? Bwerani muone chili m'mimba mwa galimoto ya nkhoswe yanga!"

Sanamve kuti Goliati wafika kumbuyo. Anangoona mthunzi wa mkono pa boneti, n'kupendeka. Sipanala ya mateyala imene inkafuna nkhongo yake inatera paphewa, fupa n'kusweka. Anagwa chagada. Goliati anamukhalira pamimba, kamunthu konunkhira sopo kaja maso ali psuu, thovu kukamwa.

"Mfiti iwe! Ndinamupempha bwinobwino! Ndinati tigawane mabelo, anandiseka! Nawenso ukundiseka!"

Anakwezanso sipanala. Rozaria anamugwira dzanjalo ndi dzanja lake lopsa lija, n'kulikokera kukamwa, n'kuluma chala chachikulu mpaka mano anakumana. Goliati anakuwa. Pamenepo alimi anamugwera. Wina ndi chibakera, wina ndi jeke, wina ndi mwala wa m'ngalande. Mano awiri anagwera m'fumbi. Khutu linang'ambika. Wina anali atatsegula kale thanki, akuviika chisanza m'petulo, wina akufunsa machesi.

Rozaria analavula chimene chinali m'kamwa mwake, anadzikoka ndi mkono umodzi, n'kudzigwetsa pamwamba pa munthu amene anapha mwamuna wake.

"Musamuwotche! Mukamuwotcha adzati ngozi ina! Ndikufuna akanene ndi pakamwa pake, pamaso pa woweruza, zimene wanena apazi. Mwamva nonse, eti? Mwamva?"

"Ndamva ndi ine ndemwe," anatero mawu aulesi kumbuyo kwawo. Sajeni Fletcher ankakankha njinga yake yakapalasa kukwera chitunda, thukuta lili kamukamu, unyolo uli kale m'manja. Anasuzumira m'chibowo chija, anaona kamtanda, n'kuvula chipewa.

"Mayi, fayilo ija titsegulanso."

*

Goliati ali pa rimandi, akudikira mlandu. Lameck anakanena zake zonse. Zelifa anakanena zake ndi zina zosafunsidwa, mpaka za mtedza. Rozaria anagona kuchipatala milungu itatu. Mkono wamanja sukweranso kupitirira phewa, ndipo zala zitatu zinauma chopindika. Munsi sangaukwezenso.

Mukuganiza kuti nkhani yathera pamenepo? Lamulungu lapitali, atangotuluka m'tchalitchi, akuluakulu a banja la mwamuna wake anabwera n'kukhala pansi pa mango, pamthunzi pomwe paja. Anayamba ndi pemphero. Kenako anati, mayi a Brenda, wapita wapita. Anati Goliati ali ndi ana asanu ndi mmodzi, akudya chiyani? Anati magazi ndi amodzi, nkhani ya m'banja imathera m'banja. Anati mukakaima kukhoti mukanene kuti abale anangokangana, injini inagwa pokankhana, bala la kunkhongo simunalione bwino poti munali ndi chisoni. Anati mkhristu amakhululuka. Mmodzi mpaka anati mkazi wabwino sakadakwera galimoto ija ali m'zakuda, ndipo mwendo wa mlimi uja unathyoka chifukwa cha pakamwa pake.

Za mwendowo Rozaria sanakane. Anapita kale kukapepesa, ndipo mwini mwendo anamuuza kuti fupa limalumikizika, Bernard sadzalumikizika.

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi zinthu ziwiri. Chitenje chakale chokhala ndi mapisitoni anayi ometedwa, owala ngati sanakhudzidwepo. Ndi chibuma cha dongo limene anakatapa kudambo Lachiwiri lija, louma gwa, zala zake zisanu zikuonekabe pamene analigwira, nthawi imene zinali zowongoka. Anaziika pakati pawo. Palibe anazigwira. Anatsanzika mmodzimmodzi, akuti abweranso Lamulungu lotsatira kudzamva yankho.

Iwo akufuna yankho kwa Rozaria. Rozaria akulifuna kwa inu amene mwawerenga mpaka pano, ndipo musayang'ane kumbali ngati mmene anachitira akuluakulu aja. Munthu anadya m'mbale ya mwamuna wake zaka makumi awiri ndi zitatu. Anamukhoma kunkhongo, n'kukhala pansi pambali pa mtembo kumasula mabawuti mmodzimmodzi, n'kuwabwezera, n'kukoka tcheni. Kukangana kwake kuti kumene munthu amakumbukira kutsekapo chisanza? Ana asanu ndi mmodzi aja anawaiwala ndani, Rozaria kapena bambo awo? Ndipo akakanama kukhoti kuti banja ligone tulo, akabwera kunyumba dongo ili akaliuze chiyani?

Mawa akubwera. Yankhani.